Tinakwirira Nthochi Podikira Ndege

Sendezani dengulo kuno, ana inu, ndipo manja asaime chifukwa choti ine ndatsegula pakamwa. Kachewere wobooka ponyani uko, wa maso abwino ndiye wa mbewu. Iwe Tiyamike, foniyo taika pansi. Chiyambire m'mawa wakhala ukundionetsa kamzere kokhota kochokera pa bwalo la ndege ku Lumbadzi n'kukathera ku Dabulini, kumene ukupita kukaphunzira unamwino. Ati makilomita zikwi zakutizakuti, ati maola khumi ndi angapo basi. "Agogo, musadandaule, ndi pafupi. Mukangoyetsemula ine ndafika." Mawu amenewo si iwe woyamba kuwanena pakhonde pano. Anawanenapo amalume anu, Sitefano wangayo, ataima pamene wakhala iwepo, ndipo iye anawanena mokoma kuposa iwe chifukwa anali atavala tayi.

Musaganize kuti ndikunyoza chinthu chimene sindikuchidziwa. Ndege ndinakwera ine amayi anu, Rozina wangayo, asanabadwe, nthawi imene tinkapita kumigodi ku Joni. Anatilongedza ngati matumba a fetereza, mawondo kukhudzana ndi msana wa mnzako. Makutu anatseka. Mnzanga wina wa ku Lobi amene ndinakhala naye pafupi anagwira korona m'dzanja limodzi, kwinaku akuitana mizimu ya makolo ake mayina onse, kuti wina akagona wina amve. Titatera ndinadzifunsa kuti kodi ndawoloka mitsinje ingati, ndadutsa midzi ya anthu otani, ndapatsa moni ndani. Panalibe. M'ndege munthu suyenda, umangotengedwa ngati katundu, ndiye ukatsika umayamba kudzitama kuti dziko ndi laling'ono. Laling'ono bwanji iwe sunalipondepo?

Ulendo weniweni ndinaudziwira pa njinga. Zaka zambiri ndinkamanga matumba a kachewere pa kaliyala, kuchoka kuno ku Bembeke m'bandakucha kupita kukagulitsa ku Linthipe. Njinga zake zinali zachitsulo zenizeni, osati tanu iti timene timalira mukangokweza mtolo wa nkhuni. Chifunga chimatseka moti dzanja lako sulione, chisanu chikuluma zala, iwe ukupalasa ndi kukumbukira kwa miyendo. Ndipo munthu akandifunsa kuti mufika nthawi yanji, sindinkatchula ola. Ndikanatchula bwanji? Tayala likhoza kuphulika pa chitunda. Mvula ikhoza kukutsekereza pa sitolo ya munthu. Ukhoza kupeza masamba ataikidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro, ndiye utsike, uvule chipewa, uyende ukukankha mpaka udutse. Zonsezo ndi mbali ya ulendo. Foni yakoyo ikuwerenga za m'mwamba zokha, ngati kuti munthu amabadwira pa bwalo la ndege ndi kufera pa bwalo la ndege.

Nanga bambo anga, agogo a amayi anu? Iwo adapita ku Halale wapansi. Asananyamuke adayenda khomo ndi khomo kutsazika, chifukwa munthu sunkadziwa ngati udzaonananso ndi amene wawasiya. Adawakazingira chimanga, kuwasinjira mtedza, thobwa m'chipanda, ndipo mudzi wonse udawaperekeza mpaka pamtsinje. Ku Halaleko adakhalako zaka, anthu mpaka kuyamba kuwatchula mtchona, kutanthauza munthu amene wapita osabwereranso. Tsiku lina adakumana ndi munthu wochokera kuno, ndipo pocheza munthuyo adangoti, "Amayi anu ndinawasiya akutsokomola." Kutsokomola chabe. Bambo anga adasiya ntchito sabata yomweyo, kumanga kamtolo, n'kuuyamba ulendo. Adafika mapazi atang'ambika, m'manja muli sopo mmodzi yekha.

Ndipo mukudziwa chimene adapeza? Adapeza amayi awo ali m'dimba akupalira mpiru. Nkhalambayo idaweramuka, kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Wasiya ntchito chifukwa cha chifuwa? Ndidabala chitsiru." Idawanyoza mwezi wathunthu. Koma idawaphera nkhuku, ndipo idakhala nawo dzinja lonse, n'kudzamwalira m'manja mwawo chimanga chitacha. Kutali kudawathandiza bambo anga. Popeza kunali kutali, ankadziwa kuti munthu umanyamuka ukangomva za chifuwa. Ndege zabwera n'kuwauza ana athu kuti kulikonse ndi pafupi, ndiye aliyense wakhala pansi n'kumati ndipita mawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsopano mvetserani, chifukwa ang'onoang'ono inu mwakhala mukundifunsa, tikapita kukalambula kumanda, kuti kamtumbira kopanda mtanda kali pambali pa chiliza cha agogo anu aakazi n'ka ndani. Amayi anu amakuuzani kuti musamafunse zambiri. Ine ndikuuzani lero, popeza mnzanuyu akunyamuka.

Agogo anu aakazi, a Nankhoma, anayamba kudwala mvula itangogwa, tikubzala. Miyendo inkatupa, mpweya kuchepa. Kuchipatala tinapitako kangapo, mankhwala ankatipatsa, koma munthu amene wakhala naye moyo wonse umamuona ukamatha. Pofika nthawi ya dowe anali atasiya kupita kumunda. Sitefano anali atakhala ku Dabuliniko zaka zambiri osapondako kuno. Sindinganame, ankatumiza thandizo, malata a nyumba iyi ndi iyeyo. Ankaimbanso Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, foni ija yooneka nkhope, amayi ake n'kumaisisita ndi chala ngati akusisita tsaya la mwana.

"Sitefano mwana wanga, ubwera liti?" ankafunsa.

"Amayi, musade nkhawa. Kuno ndi kumeneko ndi tsiku limodzi lokha. Zikangovuta pang'ono ndikwera ndege."

Tsiku lina ine ndinalephera kudzigwira. Ndinalanda foniyo n'kunena kuti, "Zivute bwanji kuposa apa? Amayi ako sakutha kufika ndi pa chitsime pomwe."

"Bambo, inu simukumvetsa. Tchuthi sichimangoperekedwa. Komanso ndikufuna ndibwere bwinobwino, nditakonzeka."

Bwinobwino. Mawu amenewo ndimawadziwa, ndinali mtchona pang'ono inenso. Bwinobwino ndiye kuti ndi masutikesi, chitenje cha azakhali aliyense, nsapato za mwana aliyense, kuti mudzi uone kuti kunja sunapite kukasewera. Manyazi obwera chimanjamanja asunga anthu ambiri kunja kuposa amene asungidwa ndi ndende.

A Nankhoma anandidzudzula foni itadulidwa. "Bambo a Sitefano, musamamukalipire mwana, adzaopa kuimba." Lamulungu lotsatira anayesa nzeru yawo. Anati, "Ukamabwera undigulireko bulangete la kumeneko. Ati kuli chisanu choposa cha kuno, ndiye mabulangete ake ayenera kukhala enieni." Mabulangete m'nyumba muno analimo. Iwo ankangofuna kumupatsa mwanayo kanthu kamodzi kakang'ono koti anyamule, kuti asadikire kudzaza masutikesi. Anapatulanso tambala wofiira, n'kulamula kuti wina asamukhudze, ndi wa Sitefano. Tambala uja anakula, ananenepa, anayamba kulamulira bwalo lonse ngati ndiye anamanga nyumba. Alendo ankabwera n'kudya masamba, iye akuyenda monyada pamaso pawo.

Tinakolola, chisanu chinalowa. Tsiku lina masana ndinawatulutsa kuti aothere dzuwa pa mphasa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi zimene anabzala okha. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Bambo a Sitefano, ndikapita musafulumire kundikwirira. Mwanayo adzaione nkhope yanga. Akapanda kuiona adzavutika moyo wake wonse." Onani, munthu akufa koma akudera nkhawa amene sakubwera. Ndinavomera. Sipanapite sabata, anatisiya.

Thupi tinakalisunga ku mochale ku boma, kudikira kuti Sitefano apeze tikiti. Tchuthi chimene chinkavuta miyezi yonse ija chinapezeka tsiku lomwelo. Kenako anaimba akuwerenga maola, monga wachitira iwe Tiyamike m'mawa uno. "Ndinyamuka Lachitatu, ndisintha ndege m'dziko lina la pakati, Lachinayi m'mawa ndatera ku Lumbadzi, masana ndili pakhomo. Auzeni adzukulu akumbe."

Adzukulu ake si inu, ndikunena okumba manda. Inu khasu limakulemerani ndi m'munda momwe.

Alamu anga a Nkhoma, mlongo wawo wa malemu, amene ali mwini mbumba, anapukusa mutu. "Alamu, munthu amene ali m'mwamba sitimuwerengera. Atere kaye, tikumbe pambuyo."

Koma dothi la kumanda kwathu mukulidziwa, ndi katondo wosakanikirana ndi miyala. Ukayamba kukumba dzuwa litakwera, sumaliza tsiku lomwelo. Ndiye achibale a mafoni, ochokera m'tauni, anazungulira alamu anga aliyense akuwaonetsa kamzere komweko. "Amalume, ndege si minibasi, siidikira kudzaza. Ikati ola lakuti ndi lomwelo." Ine mutu sunkagwira ndi chisoni. A mafoni anapambana. Lachitatu madzulo tinakatenga thupi, linagona m'nyumba muno, ndipo Lachinayi kusanache makasu anali akulira kumanda. Amayi anu anafunsa kuti adzukulu adya chiyani. Ndinaloza tambala wofiira uja. Anadikira mwini wake nthawi yonse ija kuti adzadyedwe ndi okumba manda.

Dzuwa litakwera, foni inalira. Sitefano sanali ku Lumbadzi. Anali m'dziko la pakati lija, atakhala pa benchi. Ati ndege yoyamba inachedwa kunyamuka chifukwa cha chifunga, ndiye pofika anapeza yachiwiri itapita, ina ndi mawa.

Chifunga, ana inu. Chinthu chachitsulo chachikulu ngati tchalitchi, chokhala ndi magetsi mbali zonse, oyendetsa ake ophunzira mpaka tsitsi kuthothoka, chinaopa chifunga. Ine chifunga ndadutsamo zaka zonse ndi matumba awiri kumbuyo, mabuleki ali chidendene changa. Ndipo yachiwiriyo, poti si minibasi, siinadikire munthu amene akupita kukaika amayi ake. Minibasi bwenzi kondakitala atamenya chitseko n'kunena kuti imani, pali wa zovuta akubwera apo.

Tsono pali mwambo umene inu simunauone, chifukwa suchitika kawirikawiri. Dzenje la manda likakumbidwa siligona lopanda kanthu. Akuluakulu amati likagona kukamwa kuli yasa limaitana wina. Adzukulu athu ena ndi a mpingo, ena ndi a kudambwe, a gule wamkulu, pa zambiri sagwirizana, koma pa nkhani iyi amalankhula chimodzi. Masana mkulu wawo, a Lufeyo, anabwera thupi lonse lili katondo, n'kunjuta patsogolo pathu pansi pa mtengo wa pichesi uwo.

"Kwathu tamaliza. Tipatseni maliro."

Alamu anga anati, "Tiike basi. Mwanayo adzalira pa mtumbira monga amalirira ena onse. Anthu achoka kutali, ena wapansi kuchokera ku Lobi, agona panja pa chisanu. Tiwagonekenso chifukwa cha munthu mmodzi?"

Ankanena zoona, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi zoona. Koma ine ndinali ndi mawu aja a pamphasa. Ndinatsika pampando, ine wa imvi zangazi, n'kugwada pamaso pa alamu anga anthu akuona. Ndinati, "Alamu, mlongo wanu anandisiyira mawu. Anati mwana aione nkhope yake. Sanapemphe china chilichonse kwa ine. Ndipatseni tsiku limodzi."

Amene anayankha ndi a Lufeyo, maso ali pansi. "Njira ilipo, akuluakulu mukuidziwa. Koma ndi kamodzi kokha. Mawa tikumba dzenje lachiwiri. Dzenje lachitatu sitikumba, ngakhale mwanayo atakhala kuti ali pa chipata."

Njira yake ndi nthochi. Umadula thunthu la nthochi n'kuliika m'dzenje m'malo mwa munthu, n'kukwirira, kuti dzenje lisagone ndi njala. Ndinatenga chikwanje ndekha n'kupita kuseri, pa nthochi za a Nankhoma zomwe zija. Ndinadula yaikulu, imene inali itayamba kale kutulutsa mkoko. Tinainyamula amuna okhaokha, opanda nyimbo, kudzera njira ya kuseri. Mkulu wa mpingo amene anatitsatira ankangoyang'ana nsapato zake. Adzukulu anaitsitsa ndi zingwe mwaulemu wonse, n'kukwirira, n'kuumba mtumbira. Ndinaima pamenepo ndikumva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Mudzi wonse, anthu a nzeru zawo, kusiya ntchito zawo kudzaika nthochi chifukwa cha maola a pa foni.

Anthu anagonanso. Ufa unatha, tinakabwereka kwa oyandikana nawo. Amayi ena ankang'ung'udza, ndinkawamva, ndipo sindinawaimbe mlandu. Komanso thupi lochoka ku mochale silidikira munthu. Pofika m'mawa wa Lachisanu aliyense wolowa m'nyumba ankadziwa kuti tsikulo ndi lomaliza.

Adzukulu anakumba lachiwiri pambali pa loyamba. Dzuwa lisanafike pamutu foni inalira. "Bambo, ndatera." Ndinamva ngati anditula thumba pamsana. Kuchokera ku Lumbadzi kufika kuno pa galimoto ya hayala, munthu akatuluka nthawi imeneyo amafika dzuwa likadali pamwamba. Tinayamba mwambo pang'onopang'ono. A kwaya ankabwereza nyimbo iliyonse kawiri. Akatekisiti, amene nthawi zonse timawadandaula kuti amatalikitsa, tsiku limenelo tinawapempha kuti atalikitse, ndipo anayambira kwa Adamu. Bokosi linali lotsegula mbali ya kumutu, anthu onse ataona kale nkhope, kungotsala mmodzi.

Patapita nthawi ndinauza amayi anu kuti amuimbire, timve ngati wadutsa Lilongwe. Atayankha, anandipatsa foniyo.

"Uli pati?"

"Ndikadali pabwalo, bambo. Chikwama changa sichinatuluke. Akuti mwina chili m'ndege ina imene ikutera masana ano."

"Siya chikwamacho. Kwera galimoto."

"Bambo, muli bulangete la amayi. Anandituma okha. Ndikufuna apite atafunda limenelo."

"Amayi ako tawafunditsa kale. Akufuna maso ako, osati bulangete."

"Zaka zonsezi, ndilowe pakhomo chimanjamanja? Anthu adzati chiyani? Pang'ono pokha, bambo, akuti yatsala pang'ono kutera."

"Sitefano, bwera chimanjamanja."

Sindikudziwa ngati anamva, foni inaduka. Anadikira. Ndege ija inatera, zikwama za anthu ena zinatuluka, chake munalibe. Pamene ankakwera galimoto n'kuti dzuwa litapendeka, ndipo mu Lilongwe anapeza magalimoto a oweruka kuntchito atatsekana ngati ng'ombe pa dibi.

Kuno dzuwa linayamba kutsamira pa phiri la Dedza. Nyimbo zinatha, akatekisiti mawu anawathera. A Lufeyo anangobwera n'kuima pamene ndingawaone. Alamu anga anandigwira phewa. Ndinapita pa bokosi, ndinayang'ana nkhope imene ndinaidziwa kuyambira ili ya mtsikana wotunga madzi pa mishoni, ndipo ndinati, "Nankhoma, ndayesa." Ndinatseka ndekha. Pamene tinkatsitsa bokosi, Sitefano anali pa Linthipe, pamalo pomwe ine ndinkatsitsa matumba a kachewere.

Anafika anthu akusamba m'manja pa njira yochokera kumanda. Anatsika galimoto isanaime bwino, ali ndi jekete lalitali la kunja ndi nsapato zonyezimira, m'manja mulibe kanthu, monga momwe akanabwerera masana aja, monga momwe akanabwerera nthawi ya dowe. Sanapatse moni munthu. Anathamanga kulowa kumanda, ife tikumutsatira. Mitumbira yatsopano inali iwiri, dothi lofiira lofanana, mtanda tinali tisanaike, ndipo maluwa anali ochepa chifukwa chisanu chinali chitawaotcha. Iye sanayang'ane n'komwe. Anadzigwetsa pa woyamba umene anaupeza, kuukumbatira, nkhope m'dothi, akulira kuti, "Amayi, ndabwera. Amayi, ndine Sitefano, ndabwera."

Unali wa nthochi.

Palibe anaseka, ndipo palibe analimba mtima kumuuza. Adzukulu anayang'ana kumbali. Amayi anu anatseka pakamwa ndi chitenje. Ndinamusiya pang'ono, kenako ndinapita n'kumugwira m'khwapa ngati mmene ndinkamudzutsira ali mwana akagwa. Ndinati, "Dzuka, mwana wanga. Amayi ako ali apa. Apo pali nthochi." Anandiyang'ana osamvetsa, dothi lili m'kamwa. Nditamufotokozera sanalirenso mokweza. Anangokhala pansi pakati pa mitumbira iwiriyo mpaka tinachita kumunyamula.

Ndinamumvera chisoni kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinamukwiyira kwambiri. Zonse ziwiri zikadali mumtima muno, palibe chimene chathamangitsa chinzake. Si mwana woipa. Ananamizidwa ndi kamzere, ndipo manyazi anamumaliza. Amayi ake ananena zoona, akuvutika mpaka lero. Mukamuona pa foni akuseka, yang'anani bwino, amafunsa za mvula, za mbuzi, za inu, koma za kumanda safunsa.

Chikwama chija chinafika iye atatsala pang'ono kubwerera, mwambo wa kusesa pamaliro titachita kale. Chinali chitazungulira maiko amene mwini wake sanawaonepo. Anachitsegula pakhonde pano. Munali zitenje, nsapato, mawotchi, ndipo pansi penipeni bulangete. Ndi ili ndafundali. Ligwireni, musaope. Ndi lofunda ndithu, pamenepo a Nankhoma sananame, anthu a kumeneko mabulangete amawadziwa. Chisanu cha chaka chilichonse ndimafunda ine, amene sindinalipemphe.

Ndiye iwe Tiyamike, pita. Sindikukuletsa, ndipo usamvere amene akuti agogo akukana. Kaphunzire, ukabaye azungu jakisoni, nawonso amve kuwawa. Koma ku Lumbadzi ine sindipita nawo. Ndinapitako pomuperekeza Sitefano, ndinaona mmene amachitira. Munthu wako amalowa kuseri kwa galasi, iwe n'kumakupiza dzanja ngati ukuingitsa ntchentche, osadziwa ngati akukuona. Kumeneko si kuperekeza. Ine ndidzakuperekeza wapansi mpaka pamtsinje, monga adaperekezedwera bambo anga, ndipo usananyamuke uyende khomo ndi khomo kutsazika, osati kungolemba pa foni kuti ndapita. Kumanda upitekonso. Ukaime pakati pa mitumbira iwiri ija, uyang'ane bwino, udziwe wa agogo ako ndi uti.

Za ine ndakonza kale. Ndinawauza amayi anu, ndinawauza alamu anga, a Lufeyo ndinawauza pamaso pa anyamata awo. Ine sindidzadikira ndege. Dzenje likadzatha, dzuwa likadzapendeka, adzandiike, kaya wina ali m'mwamba, kaya ali pa Linthipe, kaya ali pa chipata. Nthochi zatsala kuseriko ndi zodya, palibe ina idzadulidwe chifukwa cha ine. Amene akufuna kuona nkhope yanga aione pano, ikadali yotha kumuyankha.

Ukadzamva kuti agogo ayamba kutsokomola, usadzatsegule foni kuwerenga maola. Usadzafunse amayi ako ngati zavuta kwenikweni, adzakuuza kuti ndili bwinoko, ndi mmene timayankhira kuno. Udzangonyamuka. Mwina udzandipeza pompano ndikusankha kachewere, ndili gwa, ndipo ndidzakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kukuuza kuti mwana wa Rozina ndi chitsiru, wasiya ntchito chifukwa cha chifuwa. Ndidzakunyoza mwezi wathunthu, ana awa ndi mboni. Iwe udzakhale pomwe wakhalapo, uzidya nkhuku yako, uzindimvera.

Ndipo usadzadikire chikwama. Bulangete usagule, ndili nalo kale.